DZUWA SALIMBANA NALO

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa ophunzira akale, yemwe akugwira ntchito ku Johannesburg, anayankhula pa msonkhano wathu wapachaka pa Domasi Mishoni. Tawasindikiza monga momwe anawayankhulira chifukwa ambiri amene analephera kubwera anapempha kuti awawerenge.

 

Pamene a Mlembi anandilembera kalata yondipempha kuti ndidzayankhule za masewera, ndinaganiza kuti asokoneza maina. Inu amene tinali kalasi imodzi mukukumbukira bwino kuti pa tsiku la mipikisano ine ntchito yanga inali yosunga malaya a anzanga othamanga. Koma a Mlembi anati, "Ayi achimwene, ndinu nomwe. Tinamva mphekesera yoti munakomoka pa mpikisano ku Joni, ndiye tikufuna timve kuchokera pakamwa panu." Choncho lero ndabwera kudzaulula. Kukomokako n'zoona ndinakomoka. Koma chaka chotsatira ndinabwererako ndipo ndinamaliza. Ndikufuna ndikufotokozereni chimene chinasintha pakati pa maulendo awiriwo, pakuti chikukhudza aliyense amene amagwira ntchito kapena kusewera padzuwa.

Ndiyambe ndi kufotokoza mpikisanowo. Dzina lake ndi triathlon, ndipo uli ndi mbali zitatu zimene munthu mmodzi amachita motsatizana osapumira: kusambira, kupalasa njinga, ndi kuthamanga. Wotchuka kwambiri ndi wotchedwa Ironman. Unayamba mu Febuluwale 1978 pa chilumba cha Oahu ku Hawaii. Tsiku limenelo anayamba amuna 15, anamaliza 12, ndipo anapambana ndi Gordon Haller amene anatenga maola 11 ndi mphindi 46. Mtunda wake ndi makilomita 3.8 m'madzi, 180 panjinga, ndi 42.2 wapansi. Ine sindinafike pamenepo ayi. Wanga unali theka lake, umene amautcha 70.3 powerengera mamailosi: makilomita 1.9 m'nyanja, 90 panjinga, ndi 21.1 wapansi.

Kuti muuone bwino mtunda umenewu, ganizani chonchi. Mwatuluka m'madzi, mwakwera njinga pano pa Domasi mpaka kukafika ku Blantyre. Mwatsika panjingapo, osakhala pansi, mwayamba kuthamanga mtunda wonga wochoka pano kukafika m'tauni ya Zomba. Zonsezi muzimalize pasanathe maola asanu ndi atatu ndi theka, apo ayi dzina lanu silikhala pa mndandanda wa omaliza.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga munthu wamkulu, wa banja lake, anazifuniranji zimenezi? Chinandiyambitsa ndi dokotala. Nditakwanitsa zaka 42 ndinkalemera makilogalamu 96, magazi ankathamanga kwambiri, ndipo dokotalayo anandiuza mosabisa kuti shuga ali pakhomo. Ndinayamba kuyenda pansi madzulo, kenaka kuthamanga pang'ono, kenaka ndinagula njinga yakale kwa mnzanga wakuntchito. Kusambira ndiko kunandichititsa manyazi. Ine ndinkadziyesa katswiri chifukwa cha maiwe a mumtsinje uno, m'mene tinkathawiramo Loweruka masana. Nditalowa m'dziwe losambiriramo la m'tauni ndinazindikira kuti chimene tinkachita kuno kunali kuphiriphitha chabe. Ndinaphunzira kusambira mwatsopano, pamodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wanga wotsiriza.

Mu Januwale 2018 ndinapita ku East London, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Eastern Cape, kumene mpikisano umenewu unkachitika mwezi umenewo chaka ndi chaka. Januwale kumeneko ndi pakati penipeni pa nyengo yotentha. Anzanga anandichenjeza za dzuwa, koma ine ndinaseka. Ndinati, "Inu simundidziwa. Ine ndine wa ku Malawi, ndinakulira pa dzuwa la Okutobala." Amayi ndi abambo, bodza loyamba linali limeneli, ndipo ndinadzinamiza ndekha. Ndinali nditakhala zaka zambiri ku Johannesburg, mzinda umene uli pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja, ndipo zokonzekera zanga zonse ndinkachita m'mamawa kusanache, kuli kazizii, ndisanapite ku ntchito. Thupi silisunga mbiri ya kumene munthu anabadwira. Limangodziwa zimene lakhala likuchita masabata apitawa.

Tsikulo linayamba bwino. Tinasambira pa Orient Beach m'mawa, madzi ali ozizira, ndipo ndinatuluka ndili wosangalala. Njinga tinapalasa mu msewu waukulu wa N2 kulowera ku tauni yaing'ono yotchedwa Berlin ndi kubwerera. Popita msewuwo ndi wa zitunda zokhazokha. Apa ndipo ndinalakwa kachiwiri. Anyamata ena atandipitirira, mtima unandiwawa, ndipo ndinayamba kuwathamangitsa. Botolo langa limodzi la madzi linagwa pansi, ine osaima kuti nditole, poopa kutaya mphindi imodzi. Chakudya chimene ndinanyamula ndinaiwala kudya. Panjinga mphepo imakunamiza, chifukwa imaumitsa thukuta msanga ndipo sudziwa kuti madzi akutha m'thupi.

Pamene ndinkatsika panjinga n'kuti dzuwa lili paliwombo. Msewu unali ngati chiwaya. Ndinathamanga ndithu, mpaka ndinakwera chitunda chotchedwa Bunkers Hill chimene othamanga onse amachiopa. Chapafupi ndi kilomita ya 13 ndinamva tsemwe thupi lonse, ngati ndikumva chisanu, chonsecho kukutentha chotero. Miyendo inayamba kupita kwina, ine ndikufuna kwina. Mayi wina wothandiza pa mpikisanopo anandigwira dzanja n'kundifunsa dzina langa m'Chingerezi. Akuti ndinamuyankha m'Chichewa, ndipo ndinamufunsa ngati belu la chakudya lalira. Zimenezo ine sindizikumbukira. Ndinatsitsimukira mu tenti ya achipatala, atandikuta ndi matawulo onyowa ndi madzi oundana, dilipi ili pamkono.

Madzulo ake mayi akunyumba sanakalipe. Anangokhala pambali pa bedi n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi abambo, ana awa mwakonza kuti adzaleredwe ndi yani?" Funso limenelo linandipweteka kuposa miyendo.

Nditachira ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga, pakuti safunsa anadya phula. Zimene ndinapeza ndi izi. Thupi la munthu likamagwira ntchito, pa mphamvu zonse zimene likugwiritsa, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu ndi limene limasanduka ntchito. Zotsalazo zimasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Thupi limafuna kukhala pa madigiri 37. Likapitirira madigiri 40, ubongo umasokonezeka, impso ndi chiwindi zimayamba kuonongeka, ndipo munthu akhoza kufa.

Njira yaikulu yotulutsira kutenthako ndi thukuta. Koma thukuta siliziziritsa chifukwa chotuluka ayi, limaziziritsa likamauma pakhungu. Nonsenu mukuudziwa mtsuko wadothi wa agogo. Madzi ake amazizira chifukwa mtsukowo umachucha pang'onopang'ono ndipo mphepo imaumitsa kunja kwake. Thupi lathu ndi mtsuko womwewo. Tsono kumene mpweya uli ndi chinyezi chambiri, monga m'mphepete mwa nyanja, thukuta siliuma msanga, monga momwe zovala zimakanira kuuma pa chingwe m'nyengo yadzinja. Limangoyenderera pansi, madzi akutha m'thupi koma thupi osazizira. Munthu wothamanga padzuwa akhoza kutaya lita imodzi kapena awiri pa ola limodzi.

Chinanso ndi magazi. Magazi omwewo ayenera kupita ku minofu kuti miyendo iyende, ndiponso ayenera kupita ku khungu kukataya kutentha. Madzi akachepa, magazinso amachepa, ndipo mtima umagunda mofulumira kuti ukwanitse ntchito ziwirizo. N'chifukwa chake liwiro limene umalitha bwinobwino m'mawa limakugwetsa masana. Si ulesi, si kuchepa mtima. Ndi m'mene tinalengedwera.

Pamenepa wina anganene kuti, basi mankhwala ake ndi kumwa madzi ambiri. Samalani. Mu 1985 Pulofesa Tim Noakes wa ku yunivesite ya Cape Town ndi anzake analemba za othamanga mitunda italiitali, ena a iwo a mpikisano wa Comrades wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, amene anadwala kwambiri chifukwa chomwa madzi opitirira muyeso. Amayi mukudziwa chimene chimachitika mukachulutsa madzi mu ndiwo: mchere sumvekanso. M'magazi zimateronso. Mchere ukasungunuka kwambiri, ubongo umatupa, ndipo anthu ena anafa nazo zimenezi. Vutoli limakonda kugwira ife oyenda pang'onopang'ono, amene timakhala nthawi yaitali mumsewu ndi kumamwa pamalo paliponse pamene pali madzi. Choncho madzi ochepa ndi oopsa, madzi ochulukitsa ndi oopsanso.

Ndinatonthozedwako nditamva kuti dzuwa limagwetsa ndi akatswiri omwe. Mu Seputembala 2016 ku Cozumel m'dziko la Mexico, Jonny Brownlee wa ku Britain anali patsogolo pa mpikisano waukulu wa triathlon, atatsala pang'ono kwambiri kumaliza, pamene anayamba kudzandira ngati woledzera. Mkulu wake Alistair anamukolowekera dzanja paphewa n'kumufikitsa pa mzere womalizira, ndipo Henri Schoeman wa ku Durban anawapitirira n'kupambana. Mu 2019 ku Doha, mpikisano wa amayi wa makilomita 42 anauyambitsa pakati pa usiku pothawa dzuwa, komabe mwa amayi 68 amene anayamba, 28 analephera kumaliza. Ngati zinawachitikira anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo, nanga ine wosunga malaya ndine yani?

Nkhani yabwino ndi yakuti thupi limaphunzira. Munthu akamachita masewera pamalo otentha tsiku ndi tsiku, moyamba pang'onopang'ono, pakatha masiku 10 mpaka 14 thupi limasintha. Madzi a m'magazi amachuluka, thukuta limayamba kutuluka msanga ndiponso lambiri, mchere wotayika m'thukuta umachepa, ndipo mtima umagunda modekha. Koma ukasiya kwa masabata angapo, zonsezi zimachokanso.

Tsono mu Disembala 2018 ndinabwera kumudzi kutchuthi, njinga yanga ndili nayo. Ndinkanyamuka kuno, kudutsa pa Malosa ndi pa boma la Machinga, kutsetsereka mpaka pa mlatho wa Shire ku Liwonde, ndi kubwerera. Inu mukudziwa kutentha kwa ku Liwonde mvula ikagwa dzulo lake. Kumeneko n'kumene ndinapeza mphunzitsi wanga weniweni. Tsiku lina pobwerera, ndikukwera chitunda cha ku Machinga ndili wefuwefu, ndinapeza mnyamata wa kabaza atakhala pansi pa mtengo wa mango, akumwa thobwa ndi kudya chinangwa chothira mchere. Anayang'ana njinga yanga, anayang'ana chipewa changa, ndipo anati, "Madala, mukuthawa ndani?"

Ndinakhala naye pansi n'kumufotokozera zonse. Iye anaseka, nati, "Ife timapalasa tsiku lonse, katundu ali pambuyo, koma dzuwa salimbana nalo. Likakwera, iwe tsika. Chitunda chikakula, tsika ukankhe. Ukadikira kuti njala ikupweteke ndiye udye, wachedwa kale." Ndinamufunsa ngati anaphunzira zimenezi kwa wina. Anati, "Kodi amayi anu kumunda amapita nthawi yanji?"

Amayi ndi abambo, ndinachita manyazi. Zonse zimene ndinawerenga m'mabuku a azungu, mayi anga ankazichita ndili mwana. Ankalawirira kumunda nkhuku zisanatsike, dzuwa likafika pamutu ankaweruka, ankanyamula chipanda cha thobwa, ndipo ankavala duku. Mishoni ino inayamba mu 1884, m'masiku a Alexander Hetherwick, kulibe galimoto, ndipo katundu ndi makalata ochokera ku Blantyre ankafika kuno pamitu ya amtengatenga oyenda pansi, mtunda womwe uja ine ndinkadzitama nawo panjinga. Nzeru yoyendera padzuwa ndi yathu yakalekale. Ine ndinaitaya chifukwa cha sukulu pang'ono ndi nsapato zodula.

Nditabwerera ku Johannesburg ndinapitiriza kuthamanga masana m'malo mwa m'mamawa, kuti thupi lisaiwale. Ndinkadziyeza pa sikelo ndisanayambe ndiponso ndikamaliza, pakuti kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta. Potero ndinadziwa muyeso wa madzi amene thupi langa limafuna.

Mu Januwale 2019 ndinaimanso pa mchenga wa Orient Beach. Ulendo uno ndinapangana ndi mtima wanga kuti aliyense wofuna kundipitirira apitirire. Anandipitirira anyamata, anandipitirira amayi, anandipitirira ndi gogo wina wa imvi mbuu. Ndinawalola. Panjinga ndinkadya kanthu pakangotha theka la ola, ndinkamwa pang'onopang'ono madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga, ndipo zitunda ndinkakwera ngati ndanyamula thumba la makala. Pothamanga, pamalo paliponse pa madzi ndinkayenda pansi, kudzithira madzi kumutu ndi kuika madzi oundana m'chipewa ndi m'malaya. Chitunda cha Bunkers Hill ndinachikwera choyenda, mopanda manyazi. Chodabwitsa n'chakuti m'makilomita otsiriza ndinayamba kupeza ena mwa anyamata aja atakhala m'mbali mwa msewu, mitu ili pansi. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Ndinamaliza pa maola 7 ndi mphindi 52, kumbuyo kwenikweni, koma ndikuyenda ndi miyendo yanga ndiponso ndikudziwa dzina langa. Mayi akunyumba anali pa mzere womalizira, ndipo tsiku limenelo sanafunse funso lililonse.

Ndisanakhale pansi, ndiloleni ndisiye malangizo ochepa, pakuti ambiri a inu muli ndi ana othamanga, ena ndinu aphunzitsi a masewera, ena mumalemba anthu aganyu m'minda.

Choyamba, dziwani zizindikiro. Munthu amene ali padzuwa akayamba kudzandira, kubwebweta, kukwiya popanda chifukwa, kusanza, kumva mutu waukulu kapena tsemwe, muimitseni msanga ngakhale akane. Wotenthedwa sadziwa kuti watenthedwa. Ine ndinkakana kuima.

Chachiwiri, muziziritseni pompo musanayambe kufunafuna galimoto. Mugonekeni pamthunzi, muvuleni zovala zolemera, muthireni madzi ozizira thupi lonse, mukupizeni, ndipo pitirizani kutero ngakhale muli pa ulendo wa ku chipatala. Mphindi zoyambazo ndi zimene zimapulumutsa moyo. Ngati wakomoka, musamumwetse kanthu, angatsamwe.

Chachitatu, munthu amene watuluka thukuta kwa maola ambiri amafuna mchere ndi chakudya, osati madzi okha. Thanzi amene timapatsa ana otsegula m'mimba amathandiza. Ngati palibe, sungunulani masupuni ang'onoang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo.

Chachinayi, amene wangodwala kumene malungo, kapena watsegula m'mimba, kapena anamwa mowa dzulo lake, asalowe mpikisano padzuwa. Ndiponso musamwe mankhwala opha ululu onga Brufen kuti muthamange bwino, chifukwa pamodzi ndi kuchepa kwa madzi amatha kuononga impso.

Bambo Wapampando, ndili ndi mapempho atatu ku bungwe lathu. Loyamba, ngati tidzakonza mpikisano wothamanga kapena ulendo wapansi wopezera ndalama zothandizira sukulu, tidzauchite m'miyezi yozizira ya Juni kapena Julayi, kuyambira m'mamawa, madzi ali m'njira monse. Tipemphenso aphunzitsi kuti ana asamathamangitsidwe masana m'mwezi wa Okutobala, kaya pa masewera kaya pa chilango. Lachiwiri, tiganizire zophunzitsa ana athu kusambira kwenikweni. Tili ndi mtsinje pakhomo, nyanja ya Chilwa ili kumunsiku, koma ambiri a ife timangodziwa kuphiriphitha. Lachitatu likupita kwa inu anzanga a msinkhu wanga. Ndikuona mimba zathu zakula bwino, kusonyeza kuti Mulungu watidalitsa. Pitani mukayezetse kuthamanga kwa magazi ndi shuga mwezi uno. Simukusowa njinga yodula kapena nyanja yamchere. Yambani ndi kuyenda pansi theka la ola, m'mawa kapena madzulo, masiku asanu pa sabata. Ine lero ndikulemera makilogalamu 81 ndipo dokotala anachepetsa mankhwala anga.

Mendulo imene ndinalandira ndabwera nayo, ndipo ndikuipereka kwa a Mphunzitsi Wamkulu kuti aipachike mu ofesi. Mwana akadzafunsa kuti ndi ya yani, mudzamuuze kuti ndi ya mnyamata uja ankasunga malaya, amene anagwa chaka choyamba chifukwa cha matama, n'kumaliza chaka chachiwiri atamvera wa kabaza.

Mwandimvetsera nthawi yaitali, ndipo ndikuona kuti amayi a kukhitchini akutikodola. Mulungu adalitse sukulu yathu, adalitse aphunzitsi athu, ndipo atisunge tonse kufikira tidzakumanenso chaka chamawa.